Kugulitsa mfuti yakale: mtengo wabwino umadzera kupolisi

Sadaka ya masiku 40 ikatha, kapena kumeta kukachitika kwa amene amatsata mwambo umenewo, abale amayala mphasa n'kuyamba kuwerenga za masiye. Njinga, makina osokera, malata otsala pomanga, mbuzi, wailesi. Zimenezi sizivuta, chifukwa aliyense pa Ntaja kapena pa Ulongwe amadziwa mmene mbuzi ikuyendera tsiku la msika. Nkhani imasintha wina akalowa kuchipinda n'kutuluka ndi chifefe chokulungidwa m'chiguduli, chimene malemu ankaopsezera anyani ndi nguluwe kumunda. Pamenepo pakamwa pa aliyense pamatuluka funso limodzi: "Chimenechi chingapite pa zingati?" Koma funso loyamba liyenera kukhala lina. Mapepala ake ali kuti, ndipo alembedwa dzina la yani?

Ku Malawi mtengo wa mfuti yakale umayambira pa mapepalawo. Lamulo loona za mfuti, Firearms Act, ndi la chaka cha 1967, ndipo m'mabuku a malamulo a dziko lino lili pa mutu 14:08. Malamulo aakulu a dziko a 1994 amapatsa munthu ufulu wokhala ndi katundu, ndipo gawo 28 likuletsa kumulanda katunduyo mwachisawawa. Choncho mfuti yolembetsedwa ndi chuma ndithu, mwini wake ali ndi ufulu wopezapo ndalama. Chimene malamulowo sapereka ndi ufulu wobadwa nawo wokhala ndi mfuti, ngati mmene zilili ku America kumene nkhaniyi inalembedwa m'malamulo awo aakulu. Kuno mfuti munthu amakhala nayo pololedwa ndi boma, ndipo amene amasunga kaundula wa mfuti zonse za anthu wamba ndi ofesi ya Registrar of Firearms, ku likulu la apolisi ku Area 30 mumzinda wa Lilongwe.

Mapepala ofunika alipo awiri. Loyamba ndi chilolezo chopezera mfuti, chimene munthu amapempha asanaigule. Lachiwiri ndi laisensi yosungira mfutiyo, imene imalipiridwa chaka ndi chaka. Onsewa amatchula munthu mmodzi ndi mfuti imodzi ya nambala yakutiyakuti. Laisensi ya bambo siisanduka ya mwana pa tsiku la maliro, ngakhale mwanayo atakhala woyamba kubadwa, ngakhale anali iye wonyamulira bambo ake mfutiyo popita kudimba.

Apa ndi pamene mabanja ambiri a ku Machinga ndi Balaka amalowa m'mavuto osadziwa. M'madera amene mwambo umapatsa malume mphamvu pa mbumba, sizachilendo kumva kuti, "Mfuti ndi ya amuna, ndisunge ndine." Malume wotereyu akhoza kupalamula milandu iwiri tsiku limodzi. Wina ndi wopezeka ndi mfuti popanda chilolezo. Winanso ndi wolanda chuma cha masiye, chifukwa lamulo la 2011 loona za chuma cha masiye, Deceased Estates Act, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana, ndipo limati kulanda chumacho ndi mlandu. Ndalama zimene mfuti ingabweretse ndi gawo la chuma chimenecho. Woyenera kusainira zogulitsa ndi amene wapatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho kudzera kukhoti, kwa bwanamkubwa kapena kwa Administrator General.

Chochita choyamba ndi kudziwitsa apolisi apafupi, kaya pa Liwonde, pa Ntaja, pa boma la Machinga kapena pa Balaka. Ndi bwino kupita kaye manja okha, ndi laisensi ya malemu komanso kalata yotsimikizira imfa, n'kufunsa mmene mfutiyo ifikire kupolisiko. Munthu wokwera kabaza ndi mfuti m'thumba la feteleza, ngakhale cholinga chake chili chabwino, akaimitsidwa pachipata cha apolisi pamsewu zimamuvuta kufotokoza. Mfuti ikasiyidwa m'manja mwa apolisi kuti aisunge, banja lipemphe kalata yosonyeza mtundu wake, nambala yake, kuchuluka kwa zipolopolo, tsiku, dzina ndi siginecha ya wapolisi wolandira. Kalata imeneyi ndiyo idzateteza chuma cha ana amasiye pakadutsa miyezi, wapolisi uja atasamutsidwira kwina.

Tsopano za mtengo wake. Mfuti yakale siili ngati thonje la ku Balaka, limene boma limalengeza mtengo wotsikitsitsa nyengo ya msika isanayambe. Ogula ololedwa ndi ochepa, ndipo mtengo umabadwa ponenerera. Komabe wogulitsa ali ndi poyambira. Mfuti zololedwa zimachokera kunja, zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu May 2022, kenako ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023. Amene akuwerengera mtengo pa lisiti la zaka khumi zapitazo adzibera yekha. Chanzeru ndi kufunsa ogulitsa mfuti ovomerezeka m'mizinda kuti yatsopano ya mtundu womwewo ikupita pa zingati lero, n'kuyamba kutsitsa kuchokera pamenepo malinga ndi mmene yakaleyo yathera. Kufunsa malo awiri kapena atatu n'kofunika, chifukwa mtengo woyamba kutchulidwa kawirikawiri umakhala woyesera ngati mwini katundu akudziwa chimene wanyamula.

Wogula wodziwa amayamba kuona nambala. Ikhale yowerengeka bwino, ndipo ifanane ndendende ndi imene ili pa laisensi. Chilembo chimodzi chikasiyana, nkhaniyo ikakonzedwe kupolisi malonda asanayambe. Kenako amaona ngati laisensi yakhala ikulipiridwa. Mfuti imene yagona zaka zingapo osalipiridwa imatsika mtengo, chifukwa palibe amene amafuna kugula pamodzi ndi mlandu wa mnzake. Mwini wake akadali moyo, ndi bwino kuti apite yekha kukafotokoza ndi kukonza zotsalirazo, m'malo modikira kuti zidzatulukire pa tsiku la malonda.

Atatha mapepala amasuzumira mumpope. M'kati mwa mpope ndi mmene muli moyo wa mfuti, ndipo mdani wake ndi dzimbiri. Kumadera a chinyontho monga m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndi Chiuta, kapena m'mphepete mwa Shire, mfuti yobisidwa kudenga la udzu kapena pansi pa matiresi imadyeka mwakachetechete, kunja ikuoneka yabwinobwino. Kuipukuta ndi kansalu ka mafuta pang'ono n'kuisunga pouma, m'bokosi lokhoma, kumasunga mtengo wake kuposa china chilichonse. Wogula amayesanso ngati ikutseka molimba osagwedera polumikizira, ngati thabwa logwirira silinang'ambike, ndiponso ngati kotetezera kuti isaombe yokha kakugwira ntchito. Amaganiziranso za zipolopolo. Chifefe cha saizi 12 chimayenda msanga pamalonda chifukwa zipolopolo zake zimapezeka kwa ogulitsa ovomerezeka, pamene mfuti ya zipolopolo zosowa, ngakhale ikongole bwanji, imasowa woifuna. Dzina la wopanga nalonso limalankhula. Akuluakulu ambiri akamva za Greener, ya ku Birmingham ku England, amadziwa kuti ndi mfuti yolimba.

Pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa amachita ndi mtima wabwino koma chimawaluzitsa: kufuna kuti mfuti ioneke yatsopano. Wina amaipala ndi sandipepala, wina amaipaka penti yakuda, wina amapita nayo kwa wowotcherera zitsulo kumsika. Wogula akaona penti amayamba kukayika chimene chabisidwa pansi pake. Sandipepala ikadya nambala, mfutiyo yasanduka yokayikitsa pamaso pa apolisi. Kudula mpope kuti ufupike ndiye kuononga kotheratu, chifukwa mfuti yotere siifanananso ndi imene inalembedwa m'kaundula, ndipo aliyense amadziwa kuti mfuti zodula amazikonda ndi achifwamba pofuna kubisa m'jekete. Chikathyoka, akonze ndi mmisiri wololedwa kugwira mfuti, apo ayi igulitsidwe mmene ilili, wogula atauzidwa chilema chake.

Njira zogulitsira zilipo ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi ubwino wake. Wogulitsa mfuti wovomerezeka amapereka ndalama zocheperapo, chifukwa naye akufuna phindu ndipo katunduyo akhoza kumugonera nthawi yaitali. Koma ali ndi kaundula wake, amadziwa mapepala, ndipo nkhani imatha msanga. Munthu wamba wofuna mfuti, monga mlimi wa munda waukulu, mwini sitolo, kapena mmodzi mwa osaka mbalame a ku Chilwa, akhoza kulipira zambiri, koma ayenera kudutsa kaye kupolisi: kulemba fomu, kudinda zala, kufufuzidwa mbiri yake, kufotokoza chifukwa chimene akufunira mfuti ndi mmene adzaisungire. Zimenezi zimatenga nthawi ndipo akhoza kukanidwa. Amene akufuna ndalama za fizi sabata yomweyo asadalire njira imeneyi.

Amene akufuna kusinthitsa yakale ndi yatsopano kwa wogulitsa wovomerezeka akumbukire kuti mfuti yatsopanoyo imafuna chilolezo chakechake. Komanso apemphe mitengo iwiri payokhapayokha: yakaleyi mukanaigula zingati ndi ndalama, ndipo yatsopanoyi mukanagulitsa zingati popanda kusinthana. Wamalonda akangotchula ndalama yoonjezera yokha, munthu sadziwa ngati yakale ija yawerengeredwa mtengo wake weniweni.

Pogulitsa kwa munthu wamba, dongosolo la zinthu ndilo limateteza wogulitsa. Chilolezo cha wogula chibwere poyamba, chenichenicho osati chithunzi cha pa WhatsApp, ndipo apolisi atsimikize kuti n'choona. Mgwirizano ulembedwe, wotchula maina ndi manambala a ziphaso za unzika za onse awiri, mtundu ndi nambala ya mfuti, mtengo, tsiku ndi mboni. Kupatsirana kuchitikire kupolisi. Ndalama zikadzera kubanki kapena pafoni zimasiya umboni, kusiyana ndi zowerengerana kuseri kwa nyumba. Pomaliza, wogulitsa asakhutire ndi mawu akuti "zatheka bwana". Abwererenso kukatsimikiza kuti dzina lake lachotsedwa pa mfutiyo m'kaundula, ndipo asunge makope a zonse.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Malinga ngati kaundula akutchula dzina lake, mfutiyo ndi yake. Ikapezeka pa umbava ku Nsanama kapena m'manja mwa wopha nyama mozemba, galimoto ya apolisi idzaima pakhomo pake. Pa chifukwa chomwechi, mawu akuti "tengani theka, mapepala tikonza pambuyo" ndi oyenera kukanidwa ngakhale akuchokera kwa mlamu. Kalata ya amfumu ndi yolemekezeka, ndipo imathandiza pochitira umboni za khalidwe la munthu, koma siilowa m'malo mwa chilolezo. Kusiya mfuti ngati chikole kwa wakatapila, kapena kubwereketsa mlonda wa pasitolo amene alibe chilolezo, ndi kupereka mfuti kwa munthu amene lamulo silikumudziwa. Ndipo kuilengeza pa Facebook ndi chithunzi ndi dzina la mudzi kumaitana akuba usiku msanga kuposa ogula.

Ndiye pali dobadoba amene amabwera madzulo, wolankhula motsitsa mawu, wopereka kawiri mtengo umene wogulitsa wovomerezeka anatchula. Safuna lisiti, safuna mboni. Mwini mfuti adzifunse chifukwa chimene munthu angalipirire zambiri chonchi pa chitsulo chakale. Chimene akugula ndi mwayi wolambalala apolisi, amene akanamukana. Mfuti zotere zili ndi kopita kuwiri. Kwina ndi kwa achifwamba, ndipo pa malamulo a milandu a dziko lino kuba moopseza ndi chida choopsa chilango chake chimafika pa kukhala m'ndende moyo wonse kapena kuphedwa. Kwina ndi kutchire.

Nkhalango yotetezedwa ya Liwonde ili pakati pa anthu a maboma a Machinga ndi Balaka, ndipo zimene zachitikamo n'zodziwika. Kuyambira 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, misampha ya waya yoposa 40,000 yachotsedwamo. Njovu zinachuluka mpaka zina zinasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo zina 263 zinapita ku Kasungu mu 2022. Mikango inabwezeretsedwa mu 2018, ndipo zipembere 17 zinafika kuchokera ku South Africa mu 2019. Lamulo la nyama zakutchire linakonzedwanso mu 2017, ndipo wopha kapena wochita malonda a nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere akhoza kulamulidwa zaka zofika 30 m'ndende. Wofufuza akagwira mfuti m'nkhalangomo safunsa za woinyamula yekha, amalondola kumene yachokera. Alimi oyandikana ndi nkhalangoyi ali ndi dandaulo lomveka, pakuti njovu kapena mvuu ikalowa m'munda usiku umodzi chakudya cha chaka chimatha. Koma laisensi ya mfuti si chilolezo chosakira nyama. Chimenecho chimaperekedwa padera ndi nthambi ya zanyama, ndipo wogula wonena kuti akufuna mfuti "ya njovu zovutitsa" wapereka kale chifukwa chomukanira.

Pali mfuti zina zimene zilibe mtengo uliwonse wololedwa. Mfuti zankhondo zolakatitsa zipolopolo, monga AK-47, lamulo limazitcha zida zoletsedwa, ndipo munthu wamba sangapatsidwe laisensi yake ngakhale atakhala ndi chifukwa chotani. Gogodera wosulidwa kumudzi, wopanda nambala ndi wosalembetsa, nayenso alibe pepala limene angagulitsidwire.

Mfuti zoterezi sizinagwe kumwamba. Dera la Machinga lakhala njira ya mfuti kuyambira kale, pamene mafumu a Chiyao ankasinthanitsa minyanga ya njovu ndi mfuti ndi onga kuchokera kugombe la nyanja yamchere, mpaka asilikali a atsamunda anagonjetsa linga la Kawinga paphiri la Chikala mu 1895. M'zaka zaposachedwa, nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano losainidwa ku Rome pa 4 October 1992, inathamangitsira kuno anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo malire a Machinga, kuyambira ku Nayuchi mpaka ku Chiuta, ndi aatali komanso osavuta kudutsa. Mu December 1993 asilikali a Malawi analanda zida a Malawi Young Pioneers pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani, ndipo ena mwa apayoniyawo anathawira ku Mozambique. Si mfuti zonse za nthawi imeneyo zimene zinabwerera m'nkhokwe za boma. Mpaka lero munthu akhoza kufukula chitsulo chokulungidwa m'pulasitiki polima munda umene wangogula, ndipo chikatero asachigwiregwire kapena kuchisuntha, angodziwitsa amfumu ndi apolisi.

Anansi athu a ku Mozambique anapeza njira yosinthitsira mfuti zotere imene dziko lonse lapansi linaigomera. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dzikomo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas, kutanthauza kusandutsa zida kukhala makasu. Munthu ankabweretsa mfuti n'kulandira makasu, njinga, makina osokera kapena zipangizo zomangira nyumba. Zida zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa, n'kudulidwa kuti zisagwirenso ntchito. Amisiri a zosemasema anawotcherera zidutswa zake kukhala ziboliboli, ndipo mpando umene Cristóvão Canhavato anapanga ndi mfuti zodulidwazo uli ku British Museum ku London. Kwa mayi wa kumudzi amene anatulutsa mfuti yobisidwa n'kubwerera ndi makina osokera, umenewo unali mtengo wabwino koposa umene chitsulocho chikanamupatsa, chifukwa unabwera wopanda mantha a kugogoda kwa usiku.

Maiko a m'chigawo chino anagwirizananso pa nkhaniyi, ndipo pangano la SADC loona za mfuti ndi zipolopolo linasainidwa konkuno, ku Blantyre, pa 14 August 2001. Limalimbikitsa kulemba mfuti m'kaundula, kuzidinda manambala, ndi kupereka mpata woti anthu azibweza zosaloledwa. Bungwe la African Union nalo mu 2017 linasankha mwezi wa September kukhala wa chikhululukiro kwa obweza mfuti mwa kufuna kwawo, ndipo ndondomekoyi inatalikitsidwa mpaka 2030. Chikhululukirocho chimayenda motsatira chilengezo cha boma la dziko lililonse. Choncho amene ali ndi mfuti yotere ayambe wafunsa kudzera kwa amfumu, a chitetezo cha m'mudzi, mtsogoleri wa mpingo kapena mzikiti, kapena loya, kuti apolisi adziwe za kubwera kwake asanafike. Kubweza wekha ndi kugwidwa nayo ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri pamaso pa bwalo la milandu.

Nzika imene yachita zonse mwadongosolo ili ndi maufulu ake, ndipo isachite manyazi kuwatchula. Ndalama iliyonse yolipira ku boma ikhale ndi lisiti la boma. Wina akapempha "ya fanta" kuti mapepala ayende msanga, chimenecho ndi chiphuphu, ndipo bungwe la Anti-Corruption Bureau limalandira madandaulo otere. Gawo 43 la malamulo aakulu limapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa polemba pamene ofesi ya boma yapanga chiganizo chokhudza ufulu kapena zofuna zake, kotero wokanidwa chilolezo, kapena amene mfuti yake yosungitsa ikuchedwa kutulutsidwa, akhoza kupempha kuti amulembere chifukwa. Zikafika pomangidwa, gawo 42 likuti munthu auzidwe chifukwa m'chilankhulo chimene amamva, kaya Chichewa kaya Chiyao, ali ndi ufulu wokhala chete ndi wopeza loya, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Wosowa ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau.

Chimene ambiri amaiwala, malonda atatha bwinobwino, ndi zipolopolo. Zimatsalira m'kabati, m'thumba la jekete lakale, m'chitini cha pamwamba pa khoma. Lamulo limaziwerengera pamodzi ndi mfuti, ndipo munthu amene wagulitsa mfuti yake alibenso chifukwa chololedwa chosungira ngakhale chimodzi. Ana akazipeza amaseweretsa, ena amaponya pamoto. Tsiku lopatsirana mfuti kupolisi, wogulitsa asese nyumba yonse, atenge zipolopolo zonse zotsala, ndipo chiwerengero chake chilembedwe pa kalata yomweyo imene yalembedwa nambala ya mfuti.